Ndani Amawerenga Udzudzu wa ku Mutasa?

Nkhani yokambidwa pamaso pa anthu olankhula Chichewa okhala mumzinda wa Mutare

 Zikomo kuti mwasiya ntchito zanu n'kubwera, ena kuchokera ku Sakubva ndi ku Dangamvura, ena ku Chikanga, ena mwachita kukwera makombi awiri kuchokera ku Penhalonga, kumene makolo athu ambiri anathera mphamvu zawo m'migodi ya golide.

Makolo athuwo pochoka ku Nyasaland, ku Tete kapena ku Fort Jameson, anafikira m'moyo wongolamulidwa. Kapitawo akati phoso la sabata ino ndi ili, linali lomwelo. Dokotala wa kampani akati vula malaya ubayidwe jakisoni, munthu ankavula. Kufunsa kuti lamuloli latsamira pa chiyani kunali kudziputira kuchotsedwa ntchito. Ife adzukulu awo zathu n'zina. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa ambiri a ife amene tinabadwira kuno. Timavota, timakhoma msonkho. Choncho boma likanena kuti nyumba yanu ipoperedwe mankhwala, mchere wanu ukhale wa ayodini, petulo wanu asakanizidwe ndi mafuta a nzimbe, magetsi anu azime kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, muli ndi ufulu wofunsa kuti: mwadziwa bwanji?

Nthawi zambiri yankho limakhalapo, koma silibadwira m'maofesi a ku Harare. Limachokera kwa munthu wina wosatchuka amene anapita kukayeza chinthu pamalo pake, n'kubwererakonso chaka chotsatira, ndi chinacho. Boma limadziwa zinthu ngati oyezawo alipo, ndipo kudziwako kumapindula ngati lili ndi mtima wotembenuka manambala akalitsutsa. Madzulo ano tione kumene zimenezi zinatheka ndi kumene zinakanika, muno m'chigawo cha Manicaland ndi kwathu kumene tinachokera.

Tiyambe ndi udzudzu. Mukadutsa Christmas Pass n'kulowera kumpoto mufika m'boma la Mutasa, ndipo mukatsetsereka mapiri mugwera m'chigwa cha Honde, kwa nthochi ndi tiyi, kotentha ndi konyowa. Kwa zaka zambiri malungo kumeneko anali atagonja chifukwa chopopera mankhwala m'nyumba. Chaka cha 2000 chitadutsa anayamba kubwerera, ndipo pofika 2013 chipatala cha ku Hauna ndi tizipatala tozungulira tinkalandira odwala ochuluka zedi. Chozunguza mutu chinali chakuti opopera ankabwerabe chaka ndi chaka, masikito ankagawidwabe. Ndiye aliyense anapeza womuloza chala. Ena ankati ndi anthu a ku Mozambique akuwoloka malire ndi matenda. Ena ankati anthu sakugona m'masikito, akutchingira anapiye. Ena ankati opopera akuchulutsa madzi. Mwina m'zonsezi munali kachilungamo pang'ono, koma palibe n'chimodzi chomwe chikanauza unduna wa zaumoyo choti ugule chaka chamawa.

Ofufuza a muno mu Zimbabwe, pamodzi ndi anzawo a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America ndi ya Witwatersrand ku Johannesburg, anagwira ntchito yooneka yonyozeka. Ankalawira m'mamawa, kuodira pakhomo, kulowa kuchipinda ndi tochi ndi kapaipi koyamwira, n'kumatola udzudzu umene wakhuta magazi n'kutera pakhoma. Anapeza kuti wofalitsa malungo kwambiri kumeneko ndi mtundu wotchedwa Anopheles funestus, umene umakonda kupumula m'nyumba ndipo umaswana m'madambo a madzi osaphwa, kotero suchoka msanga ngakhale mvula itatha. Kenaka anauyesa. Kayesedwe kake n'kosavuta kumva. Udzudzu amauika m'kachubu koyalidwa pepala lopakidwa mankhwala, umakhalamo ola limodzi, amausamutsira m'kachubu kopanda mankhwala, n'kudikira tsiku lathunthu kuti awerenge wakufa ndi wamoyo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ukafa wosakwana 90 pa 100 ulionse ndiye kuti mankhwalawo wawazolowera. Wa ku Mutasa unkapulumuka wambirimbiri pa mankhwala a gulu la pyrethroid, omwe ankapopera m'makoma, omwenso anali m'masikito. Pa mankhwala a gulu la organophosphate unkafa ndithu.

Kumapeto kwa 2014, ndi ndalama zochokera ku boma la America, maboma anayi a Mutasa, Nyanga, Mutare ndi Chimanimani anasiya mankhwala akalewo n'kuyamba kupopera pirimiphos-methyl, amene pabotolo amalembapo Actellic. Ofufuza atabwerera m'mabuku a zipatala za ku Mutasa anapeza kuti m'madera opoperedwa odwala malungo anachepa ndi pafupifupi 38 pa 100 alionse. Amene munali kumeneko mukukumbukira fungo lake. Ena munakiya zitseko n'kuthawira kudimba tsiku lopopera. Mankhwalawo ndi okwera mtengo kwambiri kuposa akale, ndipo palibe akanavomera kulipira mtengo wotero pongomva zonena za pabwalo. Anavomera ataona kaundula wa udzudzu wakufa ndi wamoyo.

Ntchito imeneyi sitha, chifukwa udzudzu umene wapulumuka ndi umene umabereka, ndipo mankhwala amene akupha lero adzafooka nawonso. Ku Africa University, ku Old Mutare uko, kuli nyumba yowetera udzudzu kuti kuyesaku kuzichitika pafupi. Mu 2025 boma la America litadula thandizo lake lambiri ku maiko akunja, ntchito yolondola udzudzu inali m'gulu la zokhudzidwa, ndipo chaka chomwecho malungo anakwera m'dziko muno. Mvula inagwanso yambiri nyengo imeneyo, choncho sindikusenzetsa mlandu wonse pa ndalamazo. Chondiwawa n'chakuti malipiro a anthu owerenga udzudzu ndi ochepa kwambiri mukawayerekeza ndi galimoto za akuluakulu, koma ndi omwe tinawasiyira alendo.

Kwathu ku Malawi nkhani yonga yomweyi inachitika ndi mapiritsi. Madokotala ataona kuti ana akumwa chloroquine koma tizilombo sitikuchoka m'magazi, dziko la Malawi mu 1993 linakhala loyamba mu Africa kuwachotsa mankhwalawo m'zipatala n'kuika Fansidar. Patapita zaka 12 ofufuza anawayesanso pa ana a ku Ndirande mu Blantyre, ndipo anachiza 99 pa 100 alionse: tizilombo tozolowera tija tinali titazimiririka. Apa munthu wopupuluma akanati tibwerere ku chloroquine, poti ndi wotchipa. Boma silinatero, chifukwa maiko oyandikana nawo anali akadali ndi tizilombo tozolowerato, ndipo malire athu mukuwadziwa mmene anthu amawolokera. Mu 2007 linasankha mankhwala a LA. Umboni unalipo wabwino, koma panafunikabe mutu wa munthu woti auike pamalo pake.

Mchere umene muli nawo kukhitchini uli ndi mbiri yake. Akuluakulu mukukumbukira amayi a zithokomiro zotupa m'madera a mapiri, kumene dothi lilibe ayodini wokwanira. Kusowa kwa ayodini kumabwezanso nzeru za mwana m'mbuyo akadali m'mimba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mchere wa ayodini unafalikira mu Zimbabwe ndipo zithokomiro zinayamba kuphwa. Koma walira mvula walira matope. Madokotala a ku Harare anaona kuti odwala chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso, a mtima wothamanga ndi thupi lowonda, achuluka mwadzidzidzi, makamaka achikulire. Atayeza mchere wa m'masitolo anapeza wina uli ndi ayodini wopyola malire. Analemba zimenezi mu 1995, ndipo mu 1996 WHO ndi mabungwe anzake anatsitsa muyeso wolangizidwa kufika pa mamiligalamu 20 mpaka 40 pa kilogalamu ya mchere. Lamulo silinafafanizidwe, linakonzedwa, ndipo analikonzetsa ndi madokotala a muno amene sanabise zimene ankaona.

Za Edzi ndikhudzako zinthu ziwiri. Kuyambira 1998 ofufuza a Biomedical Research and Training Institute ya ku Harare ndi a Imperial College ya ku London, motsogozedwa ndi Simon Gregson ndi Constance Nyamukapa, akhala akuyendera anthu pafupifupi 10,000 m'madera 12 a Manicaland: matauni aang'ono, midzi, malo a m'mbali mwa msewu, ndi maesiteti a tiyi ndi mitengo kumene abale athu ambiri ankagwira ntchito. Mu 2006 anaonetsa kuti pakati pa 1998 ndi 2003 anthu okhala ndi kachilombo anatsika kuchoka pa 23 kufika pa 20.5 pa 100 alionse, ndipo mwa atsikana a zaka 15 mpaka 24 anatsika pafupifupi ndi theka. Nthawiyo ma ARV anali asanafike m'zipatala za boma. Achinyamata anachedwa kuyamba zogonana, anthu anachepetsa zibwenzi zapadera, ataona maliro. Koma chimene ndimawalemekezera ofufuzawa n'china. Iwo anali ndi pulogalamu yawoyawo yophunzitsa anthu ndi kugawa makondomu m'theka la maderawo, ndipo atawerenga anapeza kuti sinachepetse otenga kachilombo poyerekeza ndi theka linalo. Anasindikiza zimenezo poyera. Ndi mabungwe angati mwaona akulengeza kuti ntchito yawo sinaphule kanthu?

Chachiwiri ndi cha ku Lilongwe. Malangizo a WHO a 2010 ankafuna kuti mayi woyembekezera ayezedwe kaye chitetezo cha m'thupi pa makina a CD4 asanadziwike mankhwala omuyenera. Zipatala zambiri za kumudzi ku Malawi zinalibe makinawo. Unduna wa zaumoyo unaganiza kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo angoyamba ma ARV kwa moyo wake wonse. Njirayi, yotchedwa Option B+, inayamba mu Julayi 2011, ena akunja akunyinyirika kuti kafukufuku wake sanakwane. A Malawi anapita patsogolo koma akuwerenga, miyezi itatu iliyonse, chipatala ndi chipatala. Pakutha chaka amayi oyamba mankhwala anachuluka kupitirira kasanu ndi kawiri. Mu 2013 WHO inaika njirayi m'malangizo ake ndipo Zimbabwe inaitsatira. Yerekezani ndi South Africa m'nthawi ya Thabo Mbeki, kumene umboni unalipo wokwana koma atsogoleri anaukana: ofufuza a ku Harvard anawerengera kuti anthu oposa 330,000 anafa chifukwa cha kuchedwa kwa mankhwala.

Pali pena pamene umboni ndi wokwana, lamulo n'labwino, mankhwala ali m'firiji ya chipatala, koma ana n'kufabe. Mu Epulo 2022 chikuku chinabuka ku Mutasa komweko n'kufalikira dziko lonse. Chinapha anthu oposa 700, pafupifupi onse ana, ambiri osabayidwa katemera, ambiri a m'mabanja a mipingo ina ya chipostoli imene imakaniza zachipatala. Katemera wa chikuku alipo kuyambira 1963, ndipo n'zodziwika kuti pamafunika ana 95 pa 100 alionse abayidwe kuti matendawa asapeze podutsa. Apa chimene chinasowa si sayansi ya tizilombo. Ndi kudziwa mmene mayi amene akufuna kubayitsa mwana, koma akuopa mwamuna wake ndi mpingo, angafikiridwe osamuyalutsa. Anamwino ena a kumidzi amadziwa: amalandira amayi otere madzulo, kapena kukumana nawo pambali. Nzeru imeneyo nayonso ndi yofunika kuilemba ndi kuiika m'ndondomeko, m'malo modikira mliri kuti tiyambe kutukwana mipingo pa wailesi.

Tsopano za m'mimba. Simunaiwale 1992. Ng'ombe zinafera m'makola, mipopi ya mumzinda uno inauma mpaka boma linaganiza zokoka madzi ku mtsinje wa Pungwe, ndipo tinadya nsima yachikasu ya chimanga chobwera pa sitima zapamadzi, china chodzera ku Beira n'kudutsa pa malire a Forbes pomwepa. Zaka ziwiri zitapita, mu 1994, akatswiri atatu, Mark Cane, Gidon Eshel ndi Roger Buckland, anasindikiza zimene zinadzidzimutsa ambiri. Anaika pamodzi kutentha kwa madzi a kum'mawa kwa nyanja ya Pacific, kufupi ndi South America, ndi zokolola za chimanga za mu Zimbabwe zaka zambiri, napeza kuti kutentha kwa madziwo kumafotokoza kupitirira 60 pa 100 ya kukwera ndi kutsika kwa zokololazo, ndipo kumaoneka miyezi ingapo chimanga chisanache. Madziwo akatentha kopitirira, chimene amati El Niño, kuno mvula imakonda kuvuta. Kwa nthawi yoyamba zinaoneka kuti njala ingaonedwe ikadali kutali.

Mayeso anabwera msanga. Mu 1997 kunadza El Niño wamphamvu kwambiri, ndipo mu Sepitembala chaka chimenecho akatswiri a zanyengo a maiko a kum'mwera kwa Africa anakumana ku Kadoma, msonkhano woyamba wa mtundu umene ukuchitikabe chaka chilichonse. Iwo ananena za mwayi: kuti mvula yochepa ili ndi mwayi waukulu kuposa masiku onse. Pofika pa wailesi, m'nyuzipepala ndi m'mabasi, uthengawo unali utasanduka wakuti chilala choposa cha 1992 chafika. Alimi ambiri anachepetsa minda, obwereketsa ndalama anaumira. Chilala choopsacho sichinadze monga chinalengezedwera, m'madera ambiri mvula inagwa ndithu, ndipo amene sanadzale anangoyang'ana minda ya anzawo. Kwa zaka zingapo pambuyo pake mukanena za azanyengo anthu ankangoseka.

Ndikufuna ana asukulu mumvetse apa. Tiyerekeze kuti azanyengo ati mwayi wa mvula yochepa ndi 45 pa 100, wa mvula yapakati 35, wa mvula yambiri 20. Sananene kuti kudzakhala chilala. Anena kuti pa zaka 100 zooneka ngati chino, zaka 55 mvula imakwana. Mlimi womva zonsezo amagawa munda: kuno chimanga chocha msanga, uko mapira, ndalama ya feteleza wachiwiri aisunge mpaka aone Januwale. Mlimi wongouzidwa kuti kuli chilala amasiya khasu. Anthony Patt wa ku America ndi Chiedza Gwata wa ku University of Zimbabwe anayesa zimenezi m'midzi inayi, ina ya muno mu Manicaland. Ankakhala pansi ndi alimi mbewu zisanagulidwe, kufotokoza manambalawo m'chilankhulo chawo, alimiwo n'kumafunsa ndi kutsutsa. Amene anasintha kalimidwe potsatira ulosiwo anakolola pafupifupi 9 pa 100 kuposa mmene akanakololera. Ulosi unali womwewo wa pa wailesi, chosiyana chinali kukambirana.

El Niño wa 2023 anaonedwa nthawi ikadalipo, ndipo ulendo uno chilala chinadzadi. Febuluwale wa 2024 anauma gwa, chimanga chikumasula ngayaye. Hakainde Hichilema analengeza za tsoka ku Zambia pa 29 Febuluwale, Lazarus Chakwera m'maboma 23 mwa 28 a Malawi pa 23 Malichi, Emmerson Mnangagwa pa 3 Epulo. Boma la Zimbabwe linali litalangiza kale kuti madera ouma adzale mapira ndi mchewere, potsatira mapu amene anagawa dziko lino m'zigawo zisanu za ulimi mu 1960 ndipo anakonzedwanso mu 2020 ataona kuti madera ouma akula. Manicaland ili ndi zigawo zonse zisanu, kuyambira ku Nyanga konyowa mpaka kuchigwa cha Save kouma. Langizolo n'loona. Nanga bwanji anthu a ku Buhera ndi ku Marange amakakamirabe chimanga?

Musafulumire kuti ndi umbuli. Funsani amene amayingitsa mpheta m'munda wa mapira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, amene amapuntha ndi kupeta mchewere mankhusu akuyabwa thupi lonse, ndi ana amene amakana nsima yakuda. Ku Malawi akatswiri anaphunzira zimenezi movutikira. Chimanga cha hayibulidi cha mtundu wa SR52, chimene chinatulutsidwa ku Salisbury mu 1960, chinali chonyaditsa pa zokolola, koma mbewu zofewa zotere alimi a ku Malawi ankazilima zogulitsa basi, chakudya n'kumadzala chamakolo. Alangizi anawanena zaka zambiri. Chonsecho amayi ankadziwa kuti chimanga chofewa chimanyenyeka mumtondo pokonola, chambiri n'kupita ku gaga, ndipo m'nkhokwe chimafumbwa msanga. Akatswiri a ku Chitedze atayamba kuyeza ufa wotuluka mumtondo, osati matumba otuluka m'munda okha, anatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, hayibulidi wolimba wokonoleka, ndipo alimi anamulandira. Pa mapira ndi mchewere funso lomwelo likudikira: makina opunthira ali kuti, chigayo chili kuti, wogula ndani?

Za Pfumvudza, kamunda ka mamita 39 ndi 16 ka mapando 1,456 kamene boma lakhala likulimbikitsa kuyambira 2020, ndingonena kuti kuphimbira nthaka kumasungadi chinyezi, koma mapesi omwewo ng'ombe zikuwafunanso, ndipo kukumba mapando nthaka ikadali youma si ntchito ya nkhalamba yolera adzukulu. Ndikanakonda kuti owerenga zokolola za Pfumvudza asakhale omwewo ogawa mbewu ndi feteleza wake.

Titsirize ndi magetsi ndi mafuta. Nyanja ya Kariba ili ngati nkhokwe ya mabanja awiri, Zimbabwe ndi Zambia, koma imene mungatape chapamwamba chokha. Makina opangira magetsi amagwira ntchito madzi akakhala pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere. Ndi mamita 13 basi. Otsalawo, ngakhale mungawaone ochuluka bwanji muli pa boti, sangatembenuze makina. Bungwe la Zambezi River Authority, limene maiko awiriwa anakhazikitsa mu 1987, limayeza mtsinje ku Chavuma kufupi ndi malire a Angola, ku Victoria Falls ndi malo ena, n'kugawira makampani awiri a magetsi madzi oti agwiritse ntchito pachaka. Mu 2018 mbali ya Zimbabwe inawonjezera makina a mamegawati 300 n'kufika pa 1,050. Makina anachuluka, mtsinje ndi womwewo. Mu Novembala 2022 bungwelo linalembera kampani ya magetsi ya Zimbabwe kuti yamaliza gawo lake la madzi ndipo iime, madzi ogwiritsika atatsala osakwana 5 pa 100. Mdima umene munakhalamo Khirisimasi ya chaka chimenecho unali utalembedwa m'manambala miyezi yambiri m'mbuyo. Oyeza anachita mbali yawo. Kunali kovuta kwa wandale aliyense kuzimitsa magetsi pang'onopang'ono mu Meyi pofuna kupewa mdima waukulu wa Disembala, ndiye anadikira. Mu 2024 madzi ogawidwa anali makiyubiki mita 16 biliyoni okha kwa maiko onse awiri.

A ku Malawi musaseke. Magetsi ambiri a kwathu amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo mabuku a oyeza madzi amasonyeza kuti kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja ya Malawi inatsika mpaka inaleka kuthira madzi mu Shire. Zinachitikapo, zingachitikenso. Mu Januwale 2022 vuto linadza mwa njira ina: namondwe Ana anagumula Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 usiku umodzi. Akatswiri a zanyengo akhala akuchenjeza kuti madamu omangidwa m'dera limodzi la mvula amauma limodzi, komabe pulani yaikulu ya Zimbabwe ndi Zambia ikadali damu la Batoka la mamegawati 2,400, pa Zambezi yemweyo. Makina awiri atsopano a ku Hwange, a mamegawati 600, anatipumitsako kuyambira 2023, koma ndi a malasha, ndipo utsi ndi fumbi lake akupuma ndi anthu a kumeneko. Magetsi akazima, ku Sakubva kumayaka nkhuni ndi makala, mapiri otizungulira n'kumayera, ndipo WHO imawerengera kuti utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka padziko lonse. Nduna ya zamagetsi ikalakwitsa masamu a madzi, odwala chifuwa amakafola kwa nduna ya zaumoyo. Timakina ting'onoting'ono ta pa mitsinje ya ku Honde ndi magetsi a dzuwa sizingalowe m'malo mwa Kariba, koma sizidalira mvula ya ku Angola.

Petulo wa dziko lino amadzera m'paipi yochokera ku Beira kufika ku Feruka, kunja kwa mzinda uno. Kuyambira 2013 lamulo limati asakanizidwe ndi ethanol, wambiri wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje m'boma la Chipinge, ndipo muyeso wake wakhala ukufika pa 20 pa 100. Si zachilendo: ku Triangle anayamba mu 1980, ku Dwangwa ku Malawi mu 1982. Oyendetsa makombi amati mafuta osakaniza sachedwa kutha, ndipo sakunama. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo, choncho wosakaniza pa 20 amaperewera mphamvu ndi 6 kapena 7 pa 100. Boma nalo silikunama likati dziko likusunga ndalama zakunja ndipo anthu apeza ntchito. Manambala onse awiri ndi oona. Chimene sayansi singagamule ndi chakuti phindulo lipite kwa yani ndipo mtengo alipire ndani: woyendetsa kombi, kapena mabanja a ku Chisumbanje amene akhala akudandaula za minda yawo imene inalowa m'munda wa nzimbe. Chimodzimodzi pomanga Kariba m'zaka za m'ma 1950 mainjiniya sanalakwitse masamu a khoma, koma Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa, ndipo Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, amene anawatsatira zaka makumi ambiri, analemba za umphawi umene unatsatira. Midzi yambiri ya adzukulu awo ilibe magetsi mpaka lero. Mafunso oterewa malo ake ndi ku khonsolo ndi ku nyumba ya malamulo, ndipo phungu wanu amayenera kuwamva kuchokera kwa inu.

Inu achinyamata a mafoni m'manja, Zambezi River Authority imaika poyera pa intaneti mulingo wa nyanja ya Kariba ndi kuchuluka kwa madzi odutsa pa malo ake oyezera. Mvula ya kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ndi ku Angola imaoneka ku Chavuma mu Febuluwale ndi Malichi, imachedwa m'madambo a Barotse, n'kufika pachimake ku Victoria Falls cha mu Epulo ndi Meyi. Mukaona nambala ya miyezi imeneyo yatsika kuposa ya chaka chatha, auzeni amayi ogulitsa nsomba ndi nkhuku pamsika wa Sakubva ayambiretu kuganiza za firiji zawo za mu Okutobala.

Ndaima pano. Amene muli ndi mafunso, tiyambe ndi agogo akutsogoloku.